Kusandutsa cooler box kukhala mash tun yofululira mowa wa balere pakhomo

Aliyense wofika kwathu akaona cooler box yabuluu ili ndi mpopi wachitsulo m'nthiti, funso limakhala lomwelomwelo: "Kodi munapanga bwanji chimenechi, nanga sichidontha?" Ndalongosola pakhonde, ndalongosola pafoni, wina ndinachita kumujambulira kuseri kwa lisiti. Basi ndatopa. Ndalemba kamodzi pano kuti wofunsa ndizingomulozera.

Amene anakhalapo pafupi amayi akuphika thobwa, ntchito ya mash tun akuidziwa kale. Phala likapsa sathiramo chimera lidakali moto. Amadikira lipoleko, kenako n'kuthira, ndipo phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. M'chimera muli ma enzyme amene amaphwanya sitachi kuti ikhale shuga. Mowa wa balere, uja woonekera mbali ina wa m'botolo, umayambanso chomwecho, kungoti timafuna kuti phalalo likhale pakati pa madigiri 63 ndi 69 kwa ola lathunthu, kenako tilekanitse madzi otsekemerawo ndi masese. Chiwiya chochitira zonsezi ndicho mash tun, ndipo madzi otsekemerawo amatchedwa wort. Pambaula kutentha kumangokwera n'kutsika, pansi pa poto n'kupserera. Cooler box inapangidwa kuti isunge kuzizira, koma kutentha imasunganso chimodzimodzi.

Njirayi anaifalitsa ndi ofulula pakhomo a ku America, kumene Jimmy Carter anasaina lamulo lolola kufulula mowa kunyumba mu 1978. Ya sefa yawaya yomwe ndikuphunzitseni apa imadziwika kwambiri ndi dzina la Denny Conn wa ku Oregon. Ndatchula izi chifukwa malangizo awo amawerenga magaloni ndiponso amatchula zitsulo za mazinga a kwawo, ndiye wotsatira mwachimbulimbuli amagula zosagwirizana.

1. Sankhani cooler box

Musagule yochepera malita 35. Mowa wa malita 20 wa mphamvu ya 5 peresenti umafuna chimera cha makilogalamu 5 ndi madzi a malita 15. Chimeracho chikalowa m'madzi chimadya malo a malita atatu ndi pang'ono, ndiye zonse pamodzi zapitirira malita 18. Mu cooler yobulungira ya malita 19 zimalowa ndithu, koma simungatakase osatayikira. Yobulungira ya malita 38, monga za Igloo ndi Rubbermaid, kapena yamakona ya malita 45, ndiye yabwino. Yaikulu kupitirira apo imasiya mpweya wambiri pamwamba pa phala, ndipo mpweyawo umaba kutentha.

Ikhale ndi kampopi kapena kabowo kotulutsira madzi pansi, kuti musavutike n'kuboola. Yogula pakaunjika inunkhizeni kaye. Ngati munkasungidwa usipa kapena nyama, fungo limenelo lidzatulukira mu mowa ngakhale mutatsuka bwanji.

2. Zogula ku hardware

Tengani cooler yanuyo mupite nayo, musachite manyazi. Mukufuna ball valve ya hafu inchi (ndiye mpopi wachitsulo uja), nipple yaitali ya hafu inchi (kapaipi kokhala ndi mazinga kunja), soketi imodzi (cholumikizira chokhala ndi mazinga m'kati), back nut imodzi (nati yopanira khoma), timilomo tiwiri tolowetsapo hosi, ma washer a stainless okwana asanu kapena asanu ndi limodzi, O-ring kapena washer ya silicone ziwiri, thread tape, hose clip ya stainless, flexi ija imalumikiza thanki ya toileti kapena giza, ndi hosi ya silicone yaitali mita imodzi.

Zonse zikhale za mazinga amtundu umodzi. Ku Malawi, ku South Africa ndi ku Britain mapaipi ndi a BSP, pomwe ku America ndi a NPT. Pa hafu inchi mitundu iwiriyi ili ndi mazinga 14 pa inchi, choncho imalowana bwinobwino ngati yagwirizana, koma kupendekeka kwa mazingawo n'kosiyana, wina madigiri 55 wina 60, ndipo pamapeto pake pamachucha. M'bale wanu akakutumizirani valve kuchokera ku America, nipple yake atumizenso yomweyo.

Chilichonse chokhudza wort chikhale stainless, kopa, brass kapena silicone. Zitsulo za galvanised, zija zotuwa zodzadza m'mashelefu, ayi. Wort ali ndi asidi pang'ono amene amadya zinki. Paipi ya PVC yamadzi ozizira imafewa ikapitirira madigiri 60, ndiye m'kati siyoyenera. Mukagula brass, yomwe nthawi zina imakhala ndi mtovu pang'ono pamwamba, iviikeni m'magawo awiri a viniga woyera ndi gawo limodzi la hydrogen peroxide ya 3 peresenti ya ku famase, osapitirira mphindi zisanu. Ikasanduka yachikasu chowala itulutseni n'kutsukuluza. Madziwo akayamba kubiriwira mwachedwa nayo.

3. Pangani sefa

Sefa yake ndi chikopa chawaya cholukidwa kunja kwa flexi. Dulani mitu yonse iwiri ndi sowo yodulira zitsulo, mutakulunga selotepi podulapo kuti waya asabalalike. Tsopano mufuna kuchotsa labala wam'kati. Musakoke chikopacho, pakuti chikakokedwa chimafinya labalayo zolimba. Gwirani labala ndi pulayala, chikopacho muzichikankha kuti chifinyikane ngati mbozi, chidzavuka chokha. Mbali imodzi ipindeni kawiri n'kuifinya kuti itsekeke, inayo mudzaiveka pa kamlomo kam'kati ndi hose clip. Masentimita 30 mpaka 40 akwana.

Chenjerani, si flexi iliyonse yonyezimira yomwe ili ya stainless. Ine pa shopu ina anandigulitsa yapulasitiki yopakidwa mtundu wasiliva, ndinadzazindikira itaphwatalala pansi pa phala lotentha, wort osatuluka ngakhale dontho. Yatsani machesi pa kachidutswa: pulasitiki imasungunuka, waya amangoda. Ikakakamira zolimba ku maginito, isiyeni.

Ena amakonda kulumikiza mapaipi a kopa pansi pa cooler n'kuwacheka timipata ndi sowo, kampata kalikonse kotalikirana sentimita imodzi, timipatato titayang'ana pansi. Zimagwira ntchito, koma pa njira yotsukuluzira masese yomwe ili m'munsimu, flexi ikukwanirani.

4. Chotsani kampopi kakale

Kamamangidwa ndi nati yapulasitiki m'kati. Masulani, ndipo labala wake musataye, nthawi zambiri amakwana bwino kuposa wogula. Nipple ya hafu inchi kunja kwake ndi mamilimita 21. Bowo likachepa, likuzeni pang'onopang'ono ndi fayilo yobulungira mpaka nipple ilowe mothina. Mukalikulitsa mopitirira palibenso pobwerera.

5. Kudutsitsa nipple pakhoma popanda kudontha

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndipo malangizo ochuluka amangoti "mangani valve" n'kudumphira kwina.

Pisani chala m'bowolo mumve. Khoma la cooler si limodzi. Pali khoma lam'kati lapulasitiki yopyapyala, lina lakunja, ndipo pakati pali foam, chinthu chonga siponji youma chomwe chimasunga kutentha. Mwa zitatuzi, chotchinga madzi ndi khoma lam'kati lokha. Labala woikidwa kunja ndi wongokongoletsa, chifukwa wort akafika pamenepo ndiye kuti wadutsa kale khoma lam'kati ndipo ali mu foam.

Munthu akaona dontho, nzeru yoyamba imamuuza kuti atenge sipanala amangitse. Akatero makoma awiri aja amayandikana, foam imaphwanyika, nati imakhwepanso, iye n'kumangitsanso. Khoma lam'kati limapindika ngati mbale mpaka kung'aluka. Cooler yanga yoyamba inafa imfa imeneyi. Mng'alu wake unali waung'ono ngati tsitsi, wort ankalowa mu foam mwakachetechete, ndipo patatha milungu iwiri m'nyumba monse munkanunkha ngati pamalo pomwe atayapo masese a chaka chatha. Foam yonyowa ndi shuga simungaitsuke. Ndinaitaya.

Mu cooler zobulungira zambiri makoma awiriwa amakumana pamalo a mpopi, pakati popanda foam, ndiye vutoli ndi lochepa. Mu zamakona zambiri mpata ulipo. Njira yake ndi iyi: kuzani bowo lakunja lokha, ndi mpeni wakuthwa kapena fayilo, mpaka washer yanu izitha kulowamo yonse. Kolokosani foam yozungulira mpaka muone msana wa khoma lam'kati. Tsopano ma washer osanjikizana, kapena kachidutswa ka paipi yachitsulo komwe nipple imadutsamo, kadzatsamira pa khoma lam'katilo mwachindunji. Mukamanga, nati idzapana khoma limodzi lokha pakati pa zitsulo ziwiri, foam osaikhudza. Phindu lina n'lakuti pakadzadontha mudzaona ndi maso, m'malo moti madzi azibisala.

Kuyambira m'kati kupita kunja, zinthu zimasanjana motere: sefa yawaya, kamlomo, soketi, washer ya stainless, labala wa silicone, khoma lam'kati, ma washer odzaza mpata, back nut, ball valve, kamlomo kena, hosi.

Yambani ndi mbali yam'kati musanalowetse m'bowo. Kulungani thread tape pa nipple kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, motsata mmene soketi idzazungulire pomanga, kuti isamasuke. Tepiyo ifike mpaka pamene labala adzakhale. Chifukwa chake n'chakuti mazinga ali ngati kanjira kozungulirazungulira, ndipo labala akakhala pamwamba pa mazinga opanda tepi, wort amatsata kanjirako pansi pa labalayo n'kutulukira kunja, inu n'kumada labala wosalakwa. Mangani soketi pa nipple zolimba ndi masipanala awiri, apa pokha ndiye gwiritsani mphamvu chifukwa ndi chitsulo pa chitsulo. Vekani washer, kenako labala, ndipo lowetsani nipple kuchokera m'kati.

Kunja vekani ma washer mpaka afanane ndi khoma lakunja kapena atulukeko pang'ono, kenako back nut. Dzanja limodzi ligwire soketi m'kati kuti isazungulire, pakuti ikazungulira imapotokola labala. Mangani nati yakunja ndi zala mpaka italimba, n'kuwonjezera ndi sipanala gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo. Basi. Suzumirani m'kati: labala aoneke wopanidwa mofanana mbali zonse. Akatumphukira mbali imodzi ngati lilime, mwamangitsa kapena bowo la washer ndi lalikulu. O-ring ikakuvutani, washer yaphwatalala ya silicone kapena labala wa kampopi kakale uja savuta chomwecho.

Pomaliza kulungani tepi pa mazinga otsala kunja n'kumanga valve mutagwira back nut ndi sipanala. Onetsetsani kuti chogwirira cha valve chikutseguka osagunda khoma. Chikagunda, nipple yafupika, kagulani yaitali. Ndipo kuyambira lero, potsegula valve dzanja lina lizigwira thupi lake, chifukwa zonsezi zapachikika pa pulasitiki yopyapyala.

6. Yesani ndi madzi, kawiri

Koyamba madzi ozizira odzaza, nyuzipepala youma pansi pa valve, theka la ola. Kachiwiri madzi a madigiri 75, mutseke, ola limodzi. Kuyesa kwachiwiriku musakudumphe, popeza pulasitiki ikatentha imafewa ndipo chomwe chinali cholimba m'mawa chimakhwepa. Pakadontha wonjezerani pang'ono pokha pa back nut. Pakapitirirabe, masulani zonse muyambirenso tepi.

Yezani kutentha poyamba, patatha mphindi khumi, ndi pamapeto. Kutsika kwa mphindi khumi zoyamba ndi cooler ikudzitenthetsa yokha. Kuchokera apo, kutaya digiri imodzi kapena ziwiri pa ola kuli bwino. Zikaposa apo gwirani chivindikiro, mudzapeza chafunda. Zivindikiro zambiri m'kati mwake mulibe kanthu, ndi mpweya wokhawokha. Bulangete lopinda kawiri pamwamba limathetsa nkhaniyo. Madzi owira musadzazemo, khoma lam'kati limakwinyika. Madigiri 80 akhale malire.

7. Dziwani madzi otsalira, dziwaninso choyezera chanu

Tsegulani valve hosi italendewera pansi mpaka madzi asiye okha. Otsala m'katiwo akhuthulireni mu jagi yoyezera, nambalayo muilembe pa chivindikiro. Amenewo ndi wort amene muzitaya ulendo uliwonse, ndipo muziwawonjezera powerengera madzi.

Choyezera kutentha nachonso chiyeseni. M'madzi odzaza ayisi chiwerenge 0. M'madzi owira musayembekezere 100 pokhapokha muli m'mbali mwa nyanja yamchere. Ku Lilongwe, pa mamita 1,050, madzi amawira cha pa madigiri 96 ndi theka, ndipo ku Johannesburg cha pa 94. Ndaonapo munthu akutaya choyezera chabwinobwino chifukwa cha zimenezi.

8. Phala loyamba

Chimera cha balere chikhale chophwanyidwa, osati chogayidwa. Njere isweke zidutswa zitatu kapena zinayi ngati mphale, khungu lake litsale lathunthu. Mukapita nacho kuchigayo chathu chija mubwera ndi ufa, ndipo ufa umamata sefa. Zoona zake n'zakuti flexi ija imangogwira zikuluzikulu. Chosefa chenicheni ndi makungu a balere amene amasanjikizana pamwamba pake.

Tenthetsani cooler ndi madzi otentha a ketulo imodzi kwa mphindi zisanu, muwataye. Madzi ofululira akhale otentha kuposa pomwe mukufuna phala likakhale, chifukwa chimera chozizira chiwatsitsa. Pa malita atatu pa kilogalamu, chimera chili pa madigiri 22, madzi a madigiri 72 amakufikitsani pa 66. M'mawa wa mu June wonjezerani digiri imodzi. Madzi ayambe kulowa, chimera pambuyo, mukuthira pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi mthiko monga pophika phala la mwana, kuti pasakhale zibuluma zouma m'kati. Mthikowo usakande pansi, mungazule sefa. Yezani malo atatu osiyana. Likatentha kwambiri thirani kapu ya madzi ozizira, likazizira kapu ya owira, mutakase, mutseke, mufunditse bulangete.

Cha ku 63 ndi 64 mowa umatuluka wopepuka ndi wamphamvu yochulukirapo pang'ono, cha ku 68 ndi 69 umatuluka wolemera m'kamwa ndi wotsekemerako. Ine ndimakhala pa 66 ndipo sinditsegulatsegula. Ola likakwana, donthezani wort pang'ono pa mbale yoyera muikepo dontho la ayodini. Likada bii, sitachi idakalipo, tsekaninso mphindi 15. Za pambalezo mutaye, zisabwerere mu cooler.

9. Kutulutsa wort ndi kutsukuluza masese

Tsegulani valve pang'ono chabe. Malita awiri oyamba amatuluka a matope ndi tizidutswa. Alandireni mu jagi n'kuwabwezera pamwamba mofatsa, mukuthirira pa kambale kuti musakumbe dzenje. Bwerezani mpaka tizidutswa tisiye kutuluka, kenako tsegulani mokulirapo, hosi itafika pansi pa poto. Kilogalamu iliyonse ya chimera imamwa pafupifupi lita imodzi, ndiye pa malita 15 aja muyembekezere 9 kapena 10.

Tsekani valve, thirani malita 15 kapena 16 a madigiri 76 mpaka 78, takasani bwino, dikirani mphindi zisanu, bwezerani malita awiri oyamba monga poyamba paja, n'kutulutsa onse. Mupeza malita 25 oti muwiritse ndi ma hops, maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo, ndipo ntchito ya cooler yathera pamenepo.

Wort akaima panjira musapanikize. Tsekani valve, uzirani mpweya kamodzi mu hosi valve mutaitsegulanso kuti sefa itseguke, takasani, dikirani mphindi khumi, muyambirenso mofatsa. Kawirikawiri cholakwa ndi kutsegula valve yonse nthawi imodzi, zomwe zimakokera masese pansi n'kuwaumbitsa.

Funso lotsatira ndimalidziwa kale: nanga chimera chathu cha mapira kapena mawere? Balere ndi wovuta kupeza kwathu kuno, ambiri timachita kuitanitsa ku South Africa, kumene amalimidwa kwambiri ku Western Cape, cha ku Caledon. Chimera chathu chimatheka mu cooler yomweyi, koma pali zopinga ziwiri. Sitachi ya mapira ndi ya chimanga sisungunuka bwino pa madigiri 66 monga ya balere, n'chifukwa chake amayi aja amayamba aphika phala asanathire chimera. Inunso gawo lina muliphike papoto kaye, lipole, kenako lilowe mu cooler pamodzi ndi chimera chotsala. Chachiwiri, mbewu zimenezi zilibe makungu okwanira kupanga sefa. Mankhwala ake ndi mankhusu a mpunga, omwe ku zigayo za mpunga ku Karonga kapena ku Nkhotakota amangounjikidwa panja. Atsukeni kangapo m'madzi otentha mpaka madzi ayere, muthire manja awiri kapena atatu odzaza pa phala lililonse. Ngakhale pa balere wosakaniza ndi tirigu amathandiza.

10. Tsukani tsiku lomwelo

Masese ofunda akagona usiku umodzi mu cooler yotseka amasasa, ndipo fungo lake limalowerera mu pulasitiki. Akhuthuleni poto isanayambe n'kuwira komwe. Nkhuku ndi nkhumba zimawakonda, koma zipatseni tsiku lomwelo kapena muwayanike padzuwa. Masulani hose clip, sefa muitsukire pampopi mukuifinyafinya kuti makungu atuluke. M'kati mwa cooler gwiritsani nsalu yofewa ndi sopo wopanda fungo, osati waya wokwechera mapoto amene amasiya mikwingwirima yosungira litsiro. Valve muitsegule n'kuitseka kangapo madzi akudutsa, chifukwa kuseri kwa kampira kake kumabisala wort, kenako muisiye yotsegula theka kuti iume. Nipple ndi back nut zija, ngati sizikudontha, musazikhudze. Sungani cooler chivindikiro chili chotsegula.